Galimoto Imene Munatumiza

Lachinayi, 12 Novembala

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, inu ndi alamu. Ife kuno tikudzuka. Musadabwe kulandira kalata yolemba pamanja ngati kuti mafoni anatha. Pafoni mumandidula mawu, mumati tikamba bwino Lamlungu, ndipo Lamlungu lanulo silifika. Pepala mulibe polidulira. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa nkhani yake ikukhudza mwana wanu.

Mtima usakuthamangeni, ali bwinobwino. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, akumeta chidole chake ndi sizasi yanga.

Bambo ndiwo andituma kulemba. Akuti muwatumizire mafuta opaka mipando yachikopa aja, a m'botolo lakuda, ndi nsalu zofewa zopukutira, chifukwa zakuno zimasiya ubweya. Uthenga wawo ndi umenewo, ndaupereka. Tsopano mumve wanga.

Inu galimoto imeneyi mumaidziwa pazithunzi, ine ndimakhala nayo. Chaka chimene tinaika amayi, inu simunabwere, kunabwera galimoto. N'chifukwa chake ndimaitchula kuti amayi otipeza, popeza inalowa pakhomo malo a amayi asanazizire. Sindikana kuti bambo munawasangalatsa. Munthu amene moyo wake wonse anayendetsa magalimoto a mabwana, kutsegulira anthu zitseko chipewa chili m'manja, tsiku limenelo anakhala pachiwongolero cha galimoto yakeyake n'kulira ngati mwana. Ndinaona ndi maso anga, ndipo ndinakukwiyirani kwambiri chifukwa munachita bwino.

Amayi otipezawa ali ndi malamulo kuposa amayi otibala. Sasambitsidwa padzuwa. Ndowa zikhale ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira nsalu, kuti kamchenga kasabwerere papenti. Popukuta dzanja liziyenda mowongoka, osati mozungulira. Wolowa agogode kaye nsapato. M'katimo simudyedwa kanthu, ngakhale kutafuna chingamu. Poimika, mphuno iloze kugeti, chifukwa dalaivala weniweni sayamba ulendo chobwerera m'mbuyo. Ine ndili ndi laisensi, vani ya kushopu ya mankhwala kumene ndimagwira ndimayendetsa tsiku ndi tsiku, koma chiwongolero cha kunyumba sindinaloledwe kuchigwira. Amati, "Manja ako ndi a vani." Yanga inali ndowa.

Wokwera mwaufulu anali mwana wanu yekha. M'mawa uliwonse bambo amavala tayi, n'kumuperekeza kusukulu. Amamukhazika kutsogolo, pakhushoni kuti atalike, ndipo anamupatsa dzina loti Kondakitala. Ine ndinkangoti ndi chikondi cha agogo ndi mdzukulu.

Mwezi watha galimoto inakalika mbali ya kumanzere, mzere wautali kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo. Bambo anaupeza ndi zala popukuta. Anandiitana ngati ndapha munthu.

"Wadutsa apa ndi chikwama chako cha zitsulo chija."

Ndinapita kukayang'ana pageti, ndipo penti yakuda inali pachipilala, yooneka ngakhale kwa mwana. Ndinati, "Mwina geti linasuntha lokha, bambo, linafuna kupereka moni kwa amayi." Pakamwa panga mumapadziwa. Sabata yonse sanandiyankhule, ndipo ine sindinawanyengerere.

Zizindikiro zina zinalipo. Tiyi ankathira pambali pa kapu. Nyuzipepala anasiya kugula, akuti masiku ano mumangolembedwa mabodza. Ine ndinkati ndi ukalamba chabe.

Tsiku lina Loweruka ndinamutenga mwana pavani, ndikukasiya katundu. Tikuyandikira maloboti a pamphambano yaikulu ija, ndinangomva kamawu pambali panga, kolimba ngati ka munthu wamkulu.

"Chofiira, imani. Njinga kumanzere. Amayi a dengu akuwoloka, dikirani. Chobiriwira, tiyeni."

Ndinaseka. "Iwe, wakulemba ntchito ndani?"

"Agogo. Ine ndimaona, iwo amayendetsa. Ndikapanda kuphonya amandigulira switi."

"Nanga ukaphonya?"

Anayamba kusewera ndi lamba. Kenako anati, "Ndinaphonya kamodzi kokha, anti. Anali galu. Agogo anati tisanene."

Akulu anga, am'mbuyo anandiimbira mahutala mpaka kutukwana, ine nditangoima pamalobotipo. Mwana amene sanayambe n'kugula mano, amene nsapato amavala mosemphanitsa, ndiye maso a galimoto yolemera ngati nyumba, pamsewu wa malole. Ndipo wakhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira temu yatha.

Madzulo ake ndinawapeza bambo m'galaja akupaka matayala zodetsa zija. Sindinazungulire.

"Bambo, ndavala diresi ya mtundu wanji?"

Sanatembenuke. "Ndinakulipirira sukulu kuti uzindilembetsa mayeso?"

"Ingonenani mtundu."

"Iwe, msewu wa kusukulu uja ndinayamba kuuyenda usanabadwe. Ndikhoza kuuyenda nditatsinzina."

"Ndi zimene mukuchitazo."

Anaponya nsalu m'ndowa. Anandiuza kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchito sanagundepo ngakhale nkhuku, kuti mabwana ankalimbirana iwo, kuti maso amangochita kachifunga m'mawa basi. Ndinawafunsa za galu. Anati galu anali wopusa. Ndinati tsiku lina wopusayo adzakhala mwana wa munthu, ndipo mdzukulu wawo adzakula akudziwa kuti anaphonya ndi iye. Anandiloza chitseko.

Mukudziwa kuti galimoto yanuyi ilibe pobayira kiyi. Kiyi yake imangokhala m'thumba, munthu n'kudina batani. M'kati mwa kiyiyo muli kabatire kozungulira ngati ka wotchi. Bambo ali kosamba ndinakachotsa ndi nsonga ya mpeni. M'mawa mwake anadina batani, zii. Anadinanso, zii. Galimoto inkalemba vuto lake pagalasi la kutsogolo kwawo, koma woti awerenge panalibe, Kondakitala sanafike pa mawu ataliatali. Masiku amenewo mwana ndinkapita naye ndekha. Pobwera kuntchito ndinkawapeza atakhala m'galimoto yozima, tayi ili pakhosi, manja pachiwongolero. Ndinkamva chisoni, koma chisoni changa sindinachilole kuyankhula.

Chimene ndinaiwala ndi makaniko wawo uja, wa mimba yaikulu, amene amati galimoto imeneyi ndi mpongozi wake. Anamuitana ine kulibe. Iye anaika kabatire kena, namwa tiyi, napita. Bambo sanandiuze kanthu. Chakudya chamadzulo anadya bwino, mpaka kuyamikira kuti ndiwo zakoma, ndipo pamenepo ndikanayenera kukayikira.

Lolemba m'mawa ndili kubafa ndinamva geti likukwekweseka. Injini sindinaimve. Paja munkanyadira pafoni kuti injini yake siimveka? Zoonadi, siimveka. Ndinatuluka ndi thaulo lokha, sopo ali m'khosi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kukaima pakati pa geti. Ndinatambasula manja. Mumtima ndinkati, tione ngati adutse pa mwana wawo.

Galimoto inatuluka m'galaja pang'onopang'ono, kenako inayamba kuwonjeza liwiro. Mwana wanu sindinamuone pagalasi, anali atawerama akutola pensulo imene inagwa. Ndinaona nkhope ya bambo yokha, yodekha, chibwano m'mwamba monga amakhalira pachiwongolero. Maso awo anali pa ine ndendende. Ndinadikira kuti nkhopeyo isinthe. Sinasinthe. Ndinadikira kuti mphuno ya galimoto igwe pansi monga imachitira akaponda buleki. Sinagwe. Mudzandifunsa chifukwa chake sindinalumphe. Poyamba anali makani, kenako miyendo inakana.

Chimene chinandipulumutsa ndi amayi otipeza. Galimoto inalira yokha, tii tii tii, n'kudzimanga mabuleki mwadzidzidzi mpaka matayala kukhukhuluza miyala. Bampala inandigunda mawondo mofewa, ngati mbuzi yopempha chakudya. Kutentha kwa injini ndinakumva pantchafu.

Galasi la kumbali linatsika. Mawu a bambo anali a munthu wonyansidwa chabe.

"Kondakitala, wasiya chiyani pageti?"

Mwana anadzutsa mutu, pensulo ili m'manja. "Si chinthu, agogo. Ndi anti."

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Bambo anatsegula chitseko, natsika, nayenda chogwiriza galimoto mpaka kutsogolo. Sindikunamizani, dzanja lawo linafika kaye pabampala, kenako pabondo langa. Mwina ankayang'ana ngati yaphwanyika. Mwina ankangoitsatira kuti andipeze. Sindinasankhebe choti ndikhulupirire. Dzanjalo pabondo linakhalitsa.

"Wapweteka?"

"Ayi."

"Kavale. Mwana achedwa."

Nditabwerako ndinapeza kiyi ili padenga la galimoto, iwo ataima pambali manja kumbuyo. Ndinawatsegulira chitseko cha kumbuyo, ndipo ndivomere, ndinachita dala. Anati, "Kumbuyo kumakhala anthu osadziwa msewu." Anachotsa khushoni, nakhala kutsogolo, mwana n'kupita kumbuyo kumene anayenera kukhala kuyambira kale.

Pali china chimene ndikuchita nacho manyazi. Galimoto ija ndi yokoma, akulu anga. Ukatseka chitseko phokoso lonse la dziko limatsala kunja. Maenje amene vani imandigwedeza nawo mpaka mano, iyo imangowameza. Ukangokhudza pang'ono ndi chala cha phazi, imanyamuka ngati yamva maganizo ako. Mtima unali wodzazabe ndi mkwiyo, koma pena pake ndinapezeka ndikumwetulira. Bambo sanaone, ndiye mwayi wanga. Iwo ankayendetsa ndi makutu. "Chepetsa, pali chitunda apa. Usaiponde ngati vani, ipemphe. Buleki yako ikumveka, bwana akanatayikira tiyi." Sanalakwitse ngakhale pamodzi, ndipo ndinamvetsa chimene chinkawanamiza kuti akuonabe.

Pobwerera, tili awiri, anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mkulu wako usamuuze. Aigulitsa, ine n'kukhala wa pakhonde."

Sindinalonjeze. Ndinangoti tipite kuchipatala cha maso, ndipo kuti nditseke pakamwa anavomera. Adokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo akhoza kuchita opaleshoni. Bambo atamva zoti mpeni ufika m'diso ananyamuka n'kuvala chipewa. Akuti amayi analowanso m'chipatala akuyenda okha. Ndayankhula mpaka malovu kuuma. Ine akandimva amamva mwano, inu akakumvani amamva nzeru, zinali choncho kuyambira tili ana.

Ndipo nkhani siinathe. Galimoto munaitumiza ndi makiyi awiri. Imodzi ili ndi ine, ndimalowa nayo ndi kubafa komwe. Inayo akuti inasowa. Ndafufuza m'majekete, m'nsapato, pansi pa matiresi, m'bokosi la mapolishi, osaipeza. Koma dzana ndinapeza mpando wa dalaivala utabwezedwa m'mbuyo, pa muyeso wa miyendo yawo, ndipo galasi loonera kumbuyo litapendeka. Akuti ankangotenthetsa injini kuti batire isafe. Pageti ndaika loko watsopano. Kondakitala ndamuchotsa ntchito, analira tsiku lonse, ndipo mpaka lero amandiyang'ana ngati mfiti. Koma ine ndimapita kuntchito, iye amaweruka masana, ndipo pageti lililonse pamapezeka munthu wachifundo wothandiza nkhalamba kudula loko.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mafuta a mipando musatumize. Nsalu musatumize. Musatumize kanthu kalikonse kokwera sitima kapena ndege kopanda inu m'kati mwake. Bwerani nokha, mudzawagwire dzanja mpaka pakhomo la adokotala, mudzawauze ndi pakamwa panu kuti galimoto simugulitsa, ikhala ikuwadikira. Sukulu ikutsekera kumayambiriro kwa mwezi wamawa, ndipo mwana adzakhala pakhomo tsiku lonse ndi agogo ake, ine kulibe. Mufike tsikulo lisanakwane. Mukalephera, mwana ndikamusiya kwa azakhali mpaka mutabwera, ndipo bambo mudzawafotokozera ndinu chifukwa chake.

Za maliro a amayi sindinaiwale, musaganize kuti kalata yaitali ndi chikhululuko. Tidzakamba mukafika. Ndidzakuchingamirani ndi galimoto yanuyo, ndipo mudzakhala kumbuyo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mwana wanu akuti mumubweretsere chidole china, ichi tsitsi latha. Bambo akupereka moni wambiri. Posachedwapa analowa, nati ndiwawerengere zimene ndalemba ndisanamate envulopu. Ndinagwira mapepala onsewa patsogolo pawo, pafupi moti akanatha kuwanunkhiza, n'kuwerenga moni, mafuta a mipando ndi nsalu, kenako ndinawonjeza kuti tonse tili bwino ndipo galimoto ikuyenda ngati yatsopano. Anayang'anitsitsa pepala, nagwedeza mutu, nati ndalemba bwino, kalata yaifupi ndiyo yaulemu. Anapempha cholembera kuti asayine pansi pa dzina langa. Paja mumakumbukira siginecha yawo, yoima njo ngati asilikali, imene tinkalephera kuibera pa malipoti a kusukulu? Yang'anani m'munsimu. Theka lake lili papepala, theka linalo latsala patebulo.

Ndine mng'ono wanu,
wa pakamwa uja.