Makope a Mijigo Ali ndi Ine

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Muli bwanji? Nanga bondo lija likuti bwanji masiku ano? Achimwene anandiuza pafoni kuti mukukanabe ndodo, akuti mukunena kuti ndodo ndi ya okalamba. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chinandigwira sabata yatha, koma nacho chapita.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala pamene foni ilipo. Vuto la foni ndi lakuti timangofunsana za moyo, kenaka inu mumapatsira Amayi ndisanafike pa nkhani yeniyeni. Nkhani ya lero ndikufuna muimve yonse mutakhala pansi. Chonde muiwerenge nokha, musapatse munthu kuti akuwerengereni.

Ndiyambe ndi za kuno, poti munandifunsa kuti sukulu ya anthu akuluakulu imakhala yotani. Belu kulibe, ndipo palibe amene amakulondola ukajomba. Ife a digiri yachiwiri anatipatsa chipinda chimodzi pansanjika yachitatu, muli matebulo asanu ndi atatu ndi ketulo imodzi imene timalimbirana m'mawa. Chitseko chake sichidziwa kiyi, chimatsegulidwa ndi khadi. Ukangoiwala khadilo patebulo potuluka, umaima panja ngati mlendo mpaka mnzako adutse. Zandichitikira kanayi, moti mlonda akandiona ndikubwera amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa.

Chimene sindinachizolowerebe ndi kuchuluka kwa maofesi othandiza ophunzira. Ilipo ya osowa nyumba, ilipo ya odwala, ilipo ya amene zolemba zawo zikukana kulongosoka. Ina umangolowa kukafotokoza zimene zikukusowetsa mtendere, munthu wake n'kumakumvetsera ola lathunthu osakudula mawu, ndiye ntchito yake basi. Ndinafunsa kawiri ngati amalandiradi malipiro chifukwa chongomvetsera, anandiuza kuti inde. Ndinaganiza za Azakhali. Munthu ameneyu atakumana nawo tsiku limodzi lokha, mawa lake akhoza kupempha tchuthi.

Ofesi imene ikukhudza nkhani yanga ndi ya kumapeto kwa khonde, yoona za thandizo la ndalama zochitira kafukufuku. Monga mukudziwa, thandizo limene linandibweretsa kuno ndi la chaka choyamba chokha, cha m'kalasi. Chaka chachiwiri ndi cha kafukufuku, ndipo aliyense amadzifunira yekha womulipirira. Wosapeza amalongedza katundu n'kubwerera kwawo digiri ili theka. Mu ofesimo muli mayi wina wa magalasi olendewera pachingwe, wodekha kwambiri. Ndi iyeyo amene anandisonyeza thumba lina lothandiza ophunzira za madzi, n'kundiuza kuti ndilembe zimene ndikufuna kufufuza ndi umboni umene ndili nawo kale.

Ndinalemba zoti madzi a m'mijigo ya kwathu akutsika chaka ndi chaka, ndipo ndikufuna kudziwa kuti akutsika motani, chifukwa chake n'chiyani. Tsopano mukufunsa kuti umboniwo ndinautenga kuti. Apa ndiye pamene cholembera chikundilemera.

Bambo, makope anu aja ali ndi ine. Onse khumi ndi limodzi. Ndinawatulutsa m'bokosi lachitsulo la kuchipinda kwanu tsiku limene ndinkalongedza zobwera kuno, inu mutapita kukakonza mjigo wa kusukulu. Ndinkati ndikuuzani madzulo, madzulo kunabwera alendo odzatsanzikana nane. Ndinati ndikuuzani kokwerera basi, kumeneko munali kalikiliki kukangana ndi kondakitala za chikwama changa. Basi itanyamuka ndinati ndidzanena pafoni. Papita miyezi isanu ndi itatu. Achimwene atandiuza kuti munagwedeza nyumba yonse kuwafunafuna, mpaka kuganizira Amayi kuti anakolezera moto, ndinangoti pepani, n'kusintha nkhani. Amayi alibe mlandu, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndinawasiya ausenze nthawi yonseyi.

Ndikuuzeni zimene makopewo achita kuno, chifukwa ngakhale mwakwiya ndikudziwa kuti mufuna kumva. Aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku wanga ndi munthu wosachedwa kutopa ndi zolemba za ophunzira. Ndinawapatsa kope loyamba ndikuyembekezera kuti angolitembenuza kawiri n'kundibwezera. Anakhala nalo masana onse, tiyi wawo mpaka kuzizira. Anafunsa kuti munkayeza ndi makina anji. Ndinawafotokozera za chingwe chanu cha mfundo chija, chokhala ndi nati yachitsulo kumapeto, mmene mumachitsitsira m'dzenje musanakhudze chitsulo chilichonse, kutchera khutu mpaka natiyo ikhudze madzi, kenaka kuwerenga mfundo ndi kulemba. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Akuti mijigo makumi anayi, zaka makumi awiri ndi zitatu, tsiku ndi mwezi osaphonya, ndi mbiri imene ngakhale anthu a makina odula sakhala nayo kawirikawiri.

Anandifunsanso zinthu zimene ndinalephera kuyankha. Timitanda timene munkaika pambali pa mijigo ina timatanthauza chiyani? Nanga bwanji mjigo wa kumsika munkauyeza kawiri tsiku limodzi, m'mawa ndi masana, pamene ina yonse kamodzi? Ndakulira m'nyumba imene munali makope amenewa, koma ndinali ndisanafunsepo n'kamodzi komwe. Panopa ndimawatsegula tsiku lililonse, ndipo tsamba lililonse likundipatsa funso latsopano.

Pempho langa linadutsa gawo loyamba. Kenaka anati lipite ku komiti ina imene imaona ngati kafukufuku sakulakwira munthu aliyense. Komitiyo inanditumizira fomu yoti mwini makope asaine, kuvomereza kuti zolemba zake zigwiritsidwe ntchito. Ndinaiyang'ana fomuyo, ndinaona kuti ndi yophweka kuposa mafomu ambiri amene ndakulemberani. Ndinalemba dzina lanu, ntchito yanu, n'kusaina m'munsimo monga ndimachitira nthawi zonse. Mtima sunagunde ngakhale pang'ono. Kuyambira ndili kalasi yachinayi, pepala lililonse lofika pakhomo lofuna dzina lanu munkandipatsa ine, la kusukulu, la kuchipatala, la eni mijigo, munkangoti lemba iwe. Kwa ine kusaina dzina lanu kunali ntchito ya pakhomo, ngati kusesa pabwalo.

Patapita masiku anayi anandiitana. M'chipindamo munali anthu atatu, ndipo wapampando anali bambo wina wa imvi, wolankhula motsitsa mawu. Patebulo anayala mapepala atatu: kalata yanga yopempha thandizo, fomu ija, ndi chithunzi cha tsamba limodzi la kope lanu. Anandifunsa mwaulemu kuti zatheka bwanji kuti mwini makope asaine ndi dzanja lofanana ndi langa, pamene m'makope mwake amalemba mosiyana kotheratu. Ine, mwana wanu wopusa, ndinayankha mosangalala kuti n'zosavuta, ndasaina ndine, ndimawasainira kuyambira kale. Munthu wachitatu, amene ankalemba zokambirana, anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

Apo mpamene ndinadziwa kuti kuno chimene ndinachitacho chili ndi dzina lina. Amachitcha chinyengo, ndipo ena anachotsedwapo sukulu chifukwa cha chomwecho. Ndinafotokoza mmene timachitira kwathu, kuti mwana amene wapita kusukulu ndiye amalembera makolo, ndipo palibe amene amaona cholakwika. Wapampandoyo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati akukhulupirira kuti sindinafune kunamiza munthu, chifukwa wonamiza sadziulula yekha akumwetulira. Kenaka anafunsa ngati inu simudziwa kulemba. Ndinati mumadziwa, makopewo ndi umboni. Anafunsa ngati munaiona fomuyo. Ndinati ayi. Pomaliza anafunsa ngati mukudziwa kuti makopewo ali kuno.

Yankho la funso limeneli sanalidikire. Anangotseka faelo n'kunena kuti fomuyo sifuna dzina la munthu, imafuna maganizo ake, ndipo maganizo anuwo palibe amene wawamva.

Chigamulo chawo ndi ichi. Pempho langa aliimika kaye kwa milungu inayi. Ndikabweretsa fomu yatsopano yosainidwa ndi inu mwini, mutaiwerenga ndi kuimvetsa, lipitirira. Ndikapanda kubweretsa, kapena inu mukakana, ligwa, ndipo sindidzaloledwa kugwiritsa ntchito makopewo mwanjira ina iliyonse. Thumba lina lothandiza za madzi chaka chino kulibe, ndafunsa kale kwa mayi wa magalasi uja. Ndiye kuti chaka chikatha ndibwera kunyumba ndi theka la digiri. Pa milungu inayiyo umodzi watha kale, ndautha ndikulemba kalata ino ndi kuing'amba.

Nditatuluka m'chipindamo ndinapita ku ofesi ya womvetsera uja, imene ndinkaiseka. Ndinalira kaye, kenaka ndinalankhula ola lonse. Iye anangofunsa funso limodzi, loti n'chiyani chikundiopsa kwambiri, kutaya thandizolo kapena kukuuzani inu. Ndinatuluka ndikudziwa yankho, ndipo silinandisangalatse.

Pali chinthu china chimene chikundizunguza mutu kuyambira tsiku limenelo. Ndakhala ndikuyang'ana kalembedwe kanu. Manambala anu ndi oongoka kuposa anga, mizere munkajambula ndi rula, ndipo m'makope onsewo ndapeza malo awiri okha amene munafufuta. Nanga munthu wolemba chonchi ankaperekeranji cholembera kwa kamwana ka kalasi yachinayi, kolemba zilembo zopendekeka? Ine ndinakula ndikuganiza kuti mapepala a m'maofesi amakuvutani, ndipo ndinkanyada kuti ndikukuthandizani. Tsopano ndayamba kukayika. Kodi munkafuna kuti ndione ndi maso anga kuti sukulu ili ndi ntchito pakhomo? Kapena munkangodana ndi mafomu? Ndikufunitsitsa kudziwa, ngakhale mutandiyankha ndi mawu awiri okha.

Pempho langa ndi limodzi. Werengani fomu imene ili m'envulopu muno, masamba onse awiri. Kumbuyo kwake ndamasulira mzere uliwonse m'chilankhulo chathu, ndipo komiti yaona kumasulirako. Ikunena kuti makopewo ndi anu ndipo adzakhalabe anu, kuti dzina lanu lidzalembedwa pa chilichonse chotuluka m'kafukufukuyu ngati mukufuna, komanso kuti muli ndi ufulu wosintha maganizo nthawi ina iliyonse. M'munsi muli timabokosi tiwiri, kena kovomera, kena kokana. Chongani kamene mtima wanu ukufuna. Achimwene angoijambula ndi foni n'kunditumizira, pepala lenilenilo libwere pambuyo. Koma asagwire cholembera, ngakhale mutawauza kuti alembe iwo.

Mukakana sindidzakuimbani mlandu, ndipo sindidzatuma Amayi kapena Amalume kuti akunyengerereni. Fomu yokanayo ndidzakaipereka ndekha kwa wapampando uja. Ndinakutengerani ntchito ya zaka makumi awiri ndi zitatu osagogoda n'komwe, choncho kukana ndi ufulu wanu. Makopewo ndawakulunga bwino m'pulasitiki, ndipo kaya muvomera kaya mukana, abwerera m'bokosi mwawo. Kunena zoona ndikuopa, Bambo. Ndikuifuna digiriyi ndi mtima wanga wonse, koma sindikuifunanso mwa njira imene ndinayambira.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti kalata yawo yopepesa ikubwera payokha. Moni kwa Achimwene ndi alamu anga, ndi kwa ana awo onse. Moni kwa Azakhali, kwa Amalume ndi akazi awo, komanso kwa mng'ono wanga, amene ndikumva kuti mayeso akumuyendera bwino.

Ndasainapo dzina lanu kambirimbiri moti dzanja langa limalidziwa kuposa langa lomwe, koma dzulo ndazindikira kuti sindinaonepo mmene inu mwini mumasainira. Pamzere wa m'munsiwo sindinalembepo kanthu, ngakhale kadontho.

Tsalani bwino, ndipo Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu wamkazi woyamba,
amene akudikira yankho lanu.