Khoma Losafika Dzuwa

Okondedwa Achemwali,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa munthu koma kongodetsa nsapato. Madzi akudontha m'ndowa ya pakhonde, wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu wayamba kale kukhoma ngakhale lero ndi Lamulungu, ndipo galu wa aneba akuuwa chilichonse chodutsa. M'nyumba muno mokha ndi momwe muli zii.

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga kamwana kanasiya kutsokomola kuja? Ine ndili bwino, sukulu ikuyenda. Bambo ali bwino m'thupi. Za mayi ndinena m'munsimu, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera. Pafoni sindingathe. Bambo amakhala pafupi, komanso inu simuchedwa kunena kuti Kadzidzi wayamba kukokomeza.

Mukukumbukira chithunzi chimene munawatumizira bambo atapuma pa ntchito? Nkhope ya mkulu wandevu, mbali ina yofiira mbali ina yachikasu, yosindikizidwa pa pepala lokhuthala, m'munsi muli dzina la wojambula ndi kanambala ka pensulo. Munati chiziwasangalatsa poti tsopano azikhala pakhomo. Chinawasangalatsadi. Kamoto munayatsa kaja, achemwali, kalowa m'tchire.

Bambo anapeza sitolo ina m'tauni, pamwamba pa ogulitsa magalasi a maso, yogulitsa zithunzi za mtundu womwewo. Mwini wake ndinamutcha a Magolovesi, chifukwa sagwira chithunzi ndi manja pokhapokha atavala magolovesi oyera. Pano bambo nawonso ali ndi awo. Amawasunga m'dirowa momwe kale munkakhala makhadi a kuchipatala.

Pabalaza pathu simungapazindikire. Pali mtsikana wa khosi lalitali ngati botolo, nkhalamba ya diso limodzi (linalo wojambula sanafune kulijambula), mnyamata wa nkhope ya makonamakona, ndi ena oti sindidziwa ngati akulira kapena akuyasamula. Onsewa si abale athu. Palibe ngakhale mmodzi amene anabwerapo pamaliro a pakhomo pano.

Mayi osoka zovala aja atabwera kudzabwereka ayironi, anaima pa wa khosi lalitaliyo nthawi yaitali, kenako anafunsa monong'ona ngati ndinu, kuti kunjako mwadwala chiyani. Bambo anawafotokozera za luso mpaka mayiwo anatuluka ayironi osatenga.

Zithunzi zathu zinayamba kusamuka chimodzichimodzi. Cha ukwati wa bambo ndi mayi, chanu chovala mkanjo wa kukoleji, changa chija ndili wopanda mano akutsogolo, zonse zili m'kolido tsopano, panjira ya kubafa. Mayi sanadandaule. Anangoti bola mwamuna wa zithunzi kusiyana ndi wa botolo.

Kenako anabwera malamulo. Makatani a pabalaza asatsegulidwe masana. Pokazinga, chitseko cha kukhitchini chitsekedwe. Nsanza yonyowa isayandikire felemu. Ine ntchito yanga ndi kugwira mpando, tepi yoyezera ndi misomali, n'kumayankha ngati chapendekeka kapena ayi. Nditati tikukhala mumdima ngati mileme, bambo anati mnyamata wa fomu yanga sangamvetse, diso limachita kuphunzitsidwa.

Zonsezi ndikanapirira. Koma kunabwera Mayi Wabuluu.

Ndi chithunzi chachikulu kuposa zonse, nkhope ya mzimayi yabuluu yense, maso otseka. A Magolovesi anawauza bambo kuti inki yake imadana ndi dzuwa, ndiye chimafunika khoma limene dzuwa silifikapo ngakhale katani itatseguka mwangozi. Bambo anatha Loweruka lonse akulondola dzuwa m'nyumba, akulemba timizere ta choko pamakoma. Khoma lotero anapeza limodzi lokha, la pamwamba pa kabati ya mbale.

Mukudziwa amene anali pamenepo. Dalaivala, mzime wathu. Chithunzi chija anamujambula wa kamera woyenda panjinga, atavala juzi yofiira, atagwira chivindikiro cha poto ngati chiwongolero, masaya atatupa potsanzira kulira kwa injini. Zina zonse zinapita ndi foni ya mayi imene inabedwa mu basi. Chimwalirireni mwanayo, chimene tili nacho ndi chimenecho basi. Ndipo mayi sanachipachike pamenepo mwangozi. Iwo anadziwa kalekale, popanda choko, kuti ndi pokhapo posafika dzuwa.

Bambo anachichotsa mayi ali ku ntchito. Mpando ndinagwira ndine. Ndinawauza kuti mayi sakondwa nazo. Anati mwana amakhala mumtima, sakhala papepala, ndipo ndisiye kugwedeza mpando. Dalaivala anakamukhomera kumapeto kwa kolido, moyang'anizana ndi zenera lija lopanda katani.

Mayi atabwera anaima pakhomo la pabalaza chikwama chili paphewa. Anafunsa kuti mlendoyu ndani, ndipo mwana wawo ali kuti. Bambo anayankha kuti ali ndi abale ake m'kolido, sanatayidwe. Mayi anapita kukamuona, anabwerera, anaphika, tinadya. 

Ine ndimafika kunyumba masana, nthawi imene dzuwa limalowa pazenera limenelo. Limamuwomba Dalaivala kumaso kwenikweni. Miyezi yotentha yonseyi ndakhala ndikuona. Juzi yofiira ija inayamba kuoneka ngati yochapidwa ndi jiki. Kenako khutu lakumanzere linayamba kusowa. Ndinapachika thaulo pazenera, bambo analichotsa, ati nyumba ikuoneka ngati ya ochapa zovala.

Tsiku lina pa chakudya ndinawauza kuti chithunzi chikufufuta. Yankho lawo ndilemba monga momwe analinenera. Anati zithunzi za ojambula a mumsewu zimatero, pepala lake ndi lotchipa, ndipo kumeneko ndiye kusiyana kwa chithunzi wamba ndi luso lenileni. Ananena akutafuna, mayi ali pomwepo.

M'mawa mwake mayi anachotsa chithunzicho, anachikulunga m'thaulo lomwe lija, analongedza chikwama n'kupita kwa mayi aang'ono. Anandiuza kuti ndizidya, ndizichapa yunifolomu Lachisanu, ndipo mwana wawo sangamusiye kuti amwalire kawiri. Papita masabata. Alendo akafunsa, bambo amati mayi akuthandiza m'bale wawo amene sakupeza bwino. Mayi aang'ono ali bwinobwino, ndinawaona akuthamangira basi.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachimva kwa a Magolovesi omwe. Bambo anandituma kukatenga tizitsulo topachikira, ndiye ndinafunsa kuti kanambala ka pensulo kaja kamatanthauza chiyani. Anasangalala kuti mnyamata ali ndi chidwi. Anati nkhope imodzi amaisindikiza kambirimbiri, chilichonse n'kupatsidwa nambala yake, ndipo anzake a Mayi Wabuluu ali m'mahotela ndi m'nyumba za anthu ozindikira m'mayiko osiyanasiyana. Ananena monyadira.

Mwamva, achemwali? Wathuyu atapsa lero, mawa a Magolovesi aitanitsa wina, nkhope yomweyo, maso otseka omwewo. Ameneyo ndiye tikumubisa ku dzuwa. Dalaivala ndi mmodzi padziko lonse, ndipo ndi amene tinamuyanika ngati chimanga.

Pali china chimene ndaona, ndipo ndinene kuti musati ndikuwadya bambo miseche. Chimwalirireni Dalaivala, bambo sankakhala pa mpando woyang'ana khoma la kabati. Ankakhala pa wofulatira, ngakhale wailesi ya kanema ankaionera chammbali. Chibwerereni Mayi Wabuluu ndi pamene anayamba kukhala moyang'ana kumeneko. Mwina nkhope ya mwanayo inkawalemera. Koma ngati ndi choncho anene. Mayi akanamva, inenso ndikanamva. Osati munthu wamkulu kubisala kumbuyo kwa mzimayi wa inki n'kumatiphunzitsa za pepala lotchipa.

Mayi aang'ono anatumiza mawu kuti bambo asatume munthu, asaimbe foni, apite okha ndi miyendo yawo. Lero m'mawa avala jekete, atenga ambulera, anyamuka. Ali pakhomo anandiuza kuti ndipukute mafelemu ndi kaburashi kofewa. Anawonjezera kuti inu mwalonjeza kuwatumizira chithunzi china pa tsiku lawo lobadwa, ndipo akuganiza kale pochiika.

Chonde, achemwali, musatumize. Makoma atha. Chikabwera china, wotuluka ndine.

Ngati mukufuna kutumiza kanthu, fufuzani m'sutikesi yanu yakale, mwina muli kachithunzi kena ka Dalaivala, ngakhale kooneka msana wokha. Funsaninso kumeneko ngati alipo odziwa kubwezeretsa mtundu pa chithunzi chofufuta. Ndipo muwaimbire bambo. Inu amakumverani, poti ndinu amene munawatsegula maso, monga amanenera kwa alendo. Muwauze kuti mphatso yanu simunaitumize kuti idzatulutse mng'ono wathu pabalaza. Mawu omwewo akachoka kwa ine ndi mwano, akachoka kwa inu ndi nzeru.

Muwaimbire msanga, chifukwa mafelemu sindinapukute. Bambo atangotuluka ndinavala magolovesi awo, ndinakwera pampando popanda wondigwirira, n'kumutsitsa Mayi Wabuluu. Sindinamukande ngakhale pang'ono. Ali kuchipinda kwanga, kuseri kwa wadiropu, nkhope yayang'ana kukhoma. Kumenekonso dzuwa silifika, ndiye a Magolovesi asadandaule. Pamwamba pa kabati patsala msomali wokha. Sindikudziwa chimene bambo achite akauona. Mukamva kuti ndilibe pogona, muyale mphasa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato anandipatsa zija zikukwanabe. Kamwanako mukapsompsone, ndipo mukajambule zithunzi zambiri, musunge m'malo osiyanasiyana. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pa ntchito yanu.

Ndinalekera pamenepa nditamva geti, tsopano ndikumaliza.

Mvula yakata. Abwera awiri, bambo patsogolo atanyamula chikwama cha mayi, mayi pambuyo ndi ambulera. Dalaivala sanabwere, watsala kwa mayi aang'ono. Mayi atalowa anatsegula makatani onse, ndipo anauona msomali. Bambo anauonanso. Anandiyang'ana, anayang'ana magolovesi amene ndinaiwala patebulo, kenako anakakhala pa mpando wawo wakale, wofulatira uja. Mayi anati mawa ndikaweruka kusukulu ndikamutenge mwana, ndipo ndinyamule thaulo louma. 

Ine mlongo wanu,
Kadzidzi