Mapensulo Awiri a Agogo

Agogo, 09:02 [mawu 0:19]
Iwe, chikompyuta wasiya kuchipindachi chikulira ngati njuchi. Ndagwira pamwamba, kutentha kwake! Ndikuzula chingwe nyumba isapse.

Mdzukulu, 09:03 [mawu 0:14]
Agogo chonde musazule! Ndili kwa anthu ofuna kundilemba ntchito aja. Pompano ndiwaonetsa pulogalamu yanga, ndipo imayendera pa kompyuta yomweyo.

Mdzukulu, 09:04
achimwene muli kt? test ya dzulo sindinaitseke, yagwira port 8080, app yatsopano ikukana kudzuka. ndili ndi foni yokha, akundiitana 9:30

Achimwene, 09:06
ndili m'basi sis, 1hr. auze agogo apange ctrl c 😂

Agogo, 09:07 [mawu 0:08]
Zolembazo nzachiyani? Mukudziwa sindiwerenga. Ngati mukundinena, nenani pakamwa.

Mdzukulu, 09:09 [mawu 0:27]
Palibe akukunenani agogo. M'menemo muli pulogalamu yakale yakakamira pakhomo, yatsopano ikusowa polowera. Mukaichotsa, inayo ilowa yokha. Dinani mabatani awiri pamodzi: lapakona pansi kumanzere, ndi lina chapamwamba pake, lojambulidwa ngati chigwiriro cha kapu.

Agogo, 09:12 [mawu 0:24]
Magetsi sawaseweretsa mwanawe. Agogo ako aamuna wailesi inawaponyera kukhoma ine ndikuona. Ndavala nsapato za labala, ndaponda thaulo louma. Chala changa sichifikapo, ndatenga mapensulo ako awiri.

Achimwene, 09:13
IT dept yafika 🙌

Mdzukulu, 09:17 [mawu 0:03]
Agogo, mwadina?

Mdzukulu, 09:21
[foni yosayankhidwa]

Mdzukulu, 09:22
achimwene akutulutsa amene ali patsogolo panga 😭

Agogo, 09:25 [mawu 0:22]
Ndimayamba ndatulutsa mphaka, amanunkhiza chingwe. Ndadina tsopano, maso nditatsinzina. Tizilembo timathamanga pagalasi la chikompyutachi taima, kulira kwachepa. Ndaononga eti? Nena zoona.

Mdzukulu, 09:26 [mawu 0:06]
Yadzuka agogo! Simunaononge, musakhudzenso! Ndikulowa.

Agogo, 09:58 [mawu 0:07]
Ndakhala pampando pomwepa. Kuchipinda kuno sikulowa munthu.

Mdzukulu, 10:41 [mawu 0:09]
Agogooo, andilemba! Ndiyamba sabata yamawa!

Agogo, 10:44 [mawu 0:26]
Eee, zikomo Ambuye. Usathamange powoloka msewu, ndipo usauze aliyense m'basimo, anthu mitima ndi yosiyana. Zinthu zako uzitseka usanachoke. Koma ukadzaiwalanso usavutike ndi mchimwene wakoyo, iye ndi wa m'basi. Uziimbira ine.