Zigubu Zomwe Sindinadzaze

Fereej Bin Omran, Doha
12 Novembala 2024

Okondedwa achimwene Lazarous,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Chipata ndipo alamu Angelina ndi ana munawapeza ali moyo. Kuno kutentha kwayamba kuchepa. Pabedi lanu pakugona bambo wina wa ku Nepal.

Ndakhala ndikukuimbirani foni n'kumadula isanalire, ndiye ndati ndingolemba.

Mukukumbukira ulendo uja tinayendetsa abwana ndi banja lawo kupita ku mapiri a ku Oman, inu galimoto ya kutsogolo, ine ya pambuyo? Masiku awiri mumchenga wopanda ndi mtengo womwe, kungoona ngamila ndi abusa ake a ku Sudan. Kenako mudzi uja wokakamira paphiri, kumene madala ovala mipeni m'chiuno anatikhazika pamkeka n'kutipatsa khofi wowawa ndi zipatso za kanjedza. Munaseka nawo ngati abale anu, chilankhulo osamvana.

M'mawa wobwerera munati, "Rodgers, udzaze zigubu pakasupe, ine ndione matayala." Ndinavomera. Achimwene, sindinadzaze. Ndinali pathanthwe kudzijambula, kuti akumudzi aone kuti ndikudyerera.

Galimoto yanu itawira pakati pa chipululu, madzi panalibe, ndipo mayi awo a abwana anakomoka ndi ludzu. Pakanapanda dalaivala wa thiraki wa ku Pakistan uja amene anaima n'kutipatsa madzi, tikanabwera ndi maliro. Abwana atakuwa kuti, "Zigubu anasiya osadzaza ndani?" ndinayang'ana pansi, kenako ndinayang'ana inu. Inu munangoti, "Sorry, bwana." Kontrakiti yanu anaikansela. Ine n'kukunyamulirani chikwama ku eyapoti, inu n'kumandithokoza.

Lolemba lapitali ndinawauza abwana zoona zake. Anangoti, "Khalas, zinatha." Nditawapempha kuti akuitaneninso, anangokweza windo la galimoto. Ntchito sanandichotse, ndipo yunifolomu ndikaivala imandiyabwa thupi lonse.

Sindikudziwa ngati munaiwala kuti munatuma ine, kapena munkakumbukira n'kusankha kunditchinga. Ndimaopa kufunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ngati angaulandire. Ana muwauze kuti atate awo sanalakwe kanthu ku Doha. Akafunsa amene analakwa, dzina langa musabise. Mukapanda kuyankha, ndimva ndithu.

Ine mng'ono wanu, ngati mukunditenga choncho mpaka lero,

Rodgers