Windozi yanga ndi ng'ombe za NyaMsiska

Lolemba, 7 Julaye

Amini wandinyozanso pashopu pake anthu akumva. Akuti, "Achimwene, kanthu kanuko nka ana, mpira sikangathe." Akunena kakompyuta ka magemu kogwira m'manja kamene Modesta, mwana wathu, anatitumizira kuchokera ku Joni. Iye amamenya mpira pa laputopu ya mphwake, basi akudziona ngati kochi.

Ndapita nako ku Chilumba kwa Gray wokonza mafoni. Akuti kali ndi mutu wotchedwa Linakisi, pomwe mpira ndikuufunawo umayenda ndi mutu wina, Windozi. Ndati ika yonse iwiri, mitala sinayambe lero. Akuti malo ndi ochepa. "Asekulu, sankhani umodzi. Koma ndikaika Windozi, zonse zili m'katimo zifufutika."

Zonse. Ndiye kuti ndi ng'ombe za NyaMsiska zomwe.

Lachiwiri, 8 Julaye

NyaMsiska, mkazi wangayu, ndi amene wandilanda kanthu kanga. Anapezamo gemu ya ulimi. Chifereni ng'ombe zake ndi matenda chaka chatha sankafuna ngakhale kuyang'ana kukhola, koma m'gemumu waweta zina n'kuzipatsa mayina omwewo: Masozi, Tafika ndi Mphepo. M'mawa uliwonse amazisisita, kuzikama, kuzilankhula Chitumbuka. Ine wa nyama ndi mafupa sanandisisitepo chikwatireni.

Ndayesa kumufunsa mozungulira. Ndati ng'ombe zosatulutsa ndowe n'zantchito yanji? Wati, "Awiske Modesta, inu mumatulutsa chiyani?"

Lachitatu, 9 Julaye

Maliro ku Vinthukutu, mlamu wake wa NyaMsiska. Mkazi wanga wapita kumaliroko, akuti abwera Lamulungu. Ine mwendo sukulola. Potuluka wandipatsa kanthuko m'manja, "Muzidyetsa m'mawa. Masozi muyambe ndi kumusisita." Ndati yewo, abwana.

Satana ali ndi njinga yamoto. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali kale kwa Gray.

Wandiuzanso zonse, mwana wabwino. Akuti Linakisi batire imakhalitsa, ukadina kamodzi kagona, ukadinanso kadzuka pomwe unasiyira. Windozi imalola magemu ambiri, koma timalemba take ntating'ono ndipo imakonda intaneti. Wafunsanso, "Mulibe kanthu kofuna kusunga?" Ndati mulibe. Ndinaopa akamva za ng'ombe Chilumba yonse imva kuti ndabera mkazi ali pamaliro. Komanso ndimati zimakhala kumwamba kuja amati kumasungika zinthu.

Lachinayi, 10 Julaye

Windozi yalowa. Mpira sunalowe. Kakungozungulira kanthu pagalasi, akuti ndidikire ikudzikonza. Kudzikonza chiyani yabwera dzulo? Ngati mkwatibwi.

Bando ya intaneti yatha. Ndagula ina, yathanso.

Lachisanu, 11 Julaye

Mpira walowa! Ndathamangira kwa Amini, mwendo ndinauiwala. Anthu adzadza pakhonde. Kuti nditsegule, chala changachi chikudina zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amini akuti, "Achimwene, ndikubwerekeni chala cha mphwanga?" Titayamba wandimwetsa chigoli ndisanadziwe kuti timu yanga ndi iti. Ndimathamangitsa wosewera wake mumtima, n'kumakondwa. Kenako netiweki yathawa, gemu yatitulutsa. Itabwerera, batire yafa.

Ndawauza kuti ndinazimitsa dala pomumvera chisoni. Palibe waseka ndi ine, onse amaseka ine.

Loweruka, 12 Julaye

Ndabwerera kwa Gray. Ndati chotsa mkwatibwiyu, bweza mkazi wamkulu. Wabweza Linakisi, waikanso gemu ya ulimi. Titatsegula, tchire lokhalokha. Khola palibe.

Ndati tsitsa zakumwamba zija. Wandiyang'ana. "Asekulu, kuti zikwere kumwambako pamafunika intaneti. Agogo anayamba alumikizapo?" Sanayambe. Wati, "Ndinakufunsanitu Lachitatu. Mukananena, bwenzi nditazikopera pa fulashi, ntchito ya kanthawi kochepa." Ndati anyamata a masiku ano mumafunsa motsitsa mawu. 

Tsiku lonse ndalima m'galasi. Kudula mitengo, kuswa miyala, kudzala mpiru kuti ndigulitse ndimange khola. Munda wanga weniweni sindinaugwirepo chonchi. Ndimamugoneka mlimi wa m'gemumo msangamsanga kuti masiku athamange. Maso akuwawa, khosi lauma. Amini watumiza uthenga kuti tibwereze. Amenye yekha.

Lamulungu, 13 Julaye

Kutchalitchi ndajomba. Khola layima, ng'ombe zitatu ndagula, mayina ndalemba omwewo. Koma ndi ana a ng'ombe. Ndipo Mphepo anali wofiirira, wangayu watuluka woyera. Ndimati ndimuuza NyaMsiska kuti Mphepo wakalamba ndi chisoni, wamera imvi.

NyaMsiska wafika masana ndi minibasi, wotopa, mawu atasasa ndi kulira. Asanamasule mpango wati, "Zadya?" Ndati zadya mpaka zabwerera ku ubwana. Ndamupatsa.

Wayang'ana nthawi yaitali. Wapita pa Masozi, wamusisita. Pambali pa dzina pamakhala timitima tosonyeza kuti ng'ombe yakuzolowera. Pa Masozi wake tinali todzadza. Apa mbee.

Wati, "Sakundidziwa."

Ya imvi ija inali kale pakamwa. Sinatuluke. Ndamuuza za Amini, za mpira, za Gray. Sanakalipe, bola akanakalipa. Waika kanthuko pampando, walowa m'nyumba.

Lolemba, 14 Julaye

Kadakali pampando pomwepo. NyaMsiska wadzuka, wasesa, wadutsa pafupi osakayang'ana.

Ndakatenga ine. Ndadyetsa zonse, ndasisita Masozi. Ndili mkati ndamva waima kumbuyo kwanga ndi tsache.

"Fufutani mayinawo," watero. "Masozi ndamuika m'manda kawiri. Izi ndi zanu, muzitche nokha."

Wapita kumjigo. Ndafufuta. Pagalasi pali malo opanda kanthu akudikira dzina, ndipo ine amene ndinatcha mayina achipongwe theka la anthu a kwathu kuno ku Ngara ndakhala pano chala chili m'mwamba.