Mbale ya Bambo Yalowa Utoto

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa alamu uja unapola? Kuno tikudzuka ndithu, kungoti amayi sakundiyankhula, ino ndi sabata yachiwiri. N'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Mukudziwa kuti chimwalirireni bambo, shedi yawo yosemera ndikuyendetsa ndine. Makina osemera mbale aja akuzungulirabe, ngakhale lamba wake amalira ngati mbuzi yomangidwa. Vuto ndi mwini sitolo amene amatenga katundu wathu. Mwezi watha anandibwezera mbale ndi zoikapo makandulo, akuti zoyererazi anthu atopa nazo, akufuna zamitundumitundu.

Mkazi wanga ndiye anati ndiyese utoto wake wonyikira nsalu. Ndinamuseka, koma nditayesa pa tizidutswa ta matabwa, wofiira unagwira bwino zedi, mizere ya mtengo ikuonekabe. Ndinanyika zoikapo makandulo khumi, zonse zinatuluka zokongola. Apa m'pamene ndinayamba kudzimva.

Achemwali, ndinatsitsa mbale ija pa shelefu. Inde, imene bambo anakusemerani komaliza, yomwe sanathe kuipaka vanishi manja atayamba kunjenjemera. Ndinati ndiimalize, ndikutumizireni ili ya buluu, mtundu umene mumaukonda. Sindinafunse munthu, ndinangoinyika mu ndowa ya utoto.

Mtengo wake ndi wosiyana ndi wa tizidutswa tija. Mbali ina inamwa utoto ngati ng'ombe yaludzu mpaka kuda bii, ina inakana, kungotsala mawangamawanga. Madzi otentha a utotowo anachititsanso kuti mbale yonse ikhakhale ngati lilime la mphaka. Itauma, mlomo wake unapindika pang'ono.

Ndapala ndi sandipepa masiku atatu, zala mpaka kusupuka, utoto osachoka. Mkazi wanga anati tithire mankhwala oyeretsera zovala. Mankhwalawo anangoonjezera chigamba chotuwa. Tinakangana, iye akuti nsalu sinamuchitepo zoterezi, ine ndikukalipa kuti mbale si nsalu, ngati kuti anaiponya mu ndowa ndi iyeyo.

Amayi anaipeza pa benchi. Anaitembenuza, kusisita kunsi kwake komwe kuli timizere ta tchizulo cha bambo, kenako anandifunsa ngati m'shedi monsemo munasowa china choti ndiononge. Anati bambo anaisiya yoyera, nanga anandiuza ndani kuti sinathe? Kuyambira tsiku limenelo moni wanga amangoyankha ndi mutu.

Njira yatsala imodzi, kuibwezera pa makina n'kusenda ponse pamene palowa utoto. Koma bambo anaisema yopyapyala kale. Ikhoza kusweka ndili mkati mosenda, ndipo ikapulumuka, timizere tawo tonse tipita ndi utuchi. Idzayera inde, koma idzakhala yosema ine. Dzulo ndinaimanga pa makina, ndinaima ndi tchizulo m'manja mpaka miyendo kuwawa, basi n'kuimasulanso.

Mbaleyi ndi yanu, ndiye ndiuzeni. Ndisende, kapena nditumize ndi mawanga akewo? Chinanso, chonde aimbireni amayi, inu amakumverani. Musandiikire kumbuyo ayi, kulakwa ndalakwa. Mungowauza kuti mwana wawo ankafuna kumaliza ntchito ya bambo ake, ndipo m'shedimo masiku ano akulowa ndi manyazi.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo sanawaiwale.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
wosema mbale