Akufuna Kupinda Moni Wanu

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Miyendo ija inasiya kutupa kodi?

Kuno ku Peckham tilipo, kungoti kuzizira. Ntchito ikadali yomwe ija yosamalira okalamba ku Croydon, ndipo bondo langa layamba kulira pamasitepe ngati lanu lija. Kumudzi ndinaimbako foni Loweruka. Achimwene a Fesitoni akuti kachewere wachita bwino, koma chimanga cha kudimba chadyedwa ndi ng'ombe za eni. Alamu achira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba. Ndawauza kuti mitengo yake asasonkhere moto, aiunjike bwino pakhonde.

Koma chimene chandilembetsa ndi mdzukulu wanu Tadala. Ku yunivesite kuja akuphunzira mbiri yakale. Aphunzitsi ake, mayi wina wachizungu woonda ngati bango, amawawerengetsa makalata a azimayi amene anachoka kuno pa zombo kalekale kukakhala ku Amereka, dzikolo lisanakhale ndi pulezidenti. Mayiyo anakonza chionetsero cha makalatawo, n'kuuza ophunzira kuti amene ali ndi makalata a agogo awo abweretse, akaikidwe pambali pake. Tadala anafika kunyumba maso ali pa chitini cha mabisiketi chija.

Mukuudziwa mtima wanga. Makalata anu, amene inu munkanena azakhali a Nachisale n'kumalemba, ndinawasunga iliyonse m'emvulopu yake, motsatana mmene ankabwerera, n'kukulunga m'pulasitiki m'chitini chimenecho. Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinalola, koma ndinati ndikawaperekeza ndekha. M'basi chikwama chinali pamiyendo, ndikuchisuzumira pa siteji iliyonse ngati muli nkhuku.

Makalata a ku Amereka aja ndinawaona. Mayiyo ankawagwira atavala magolovesi oyera, akunong'ona ngati tili pamaliro. Tadala ankandimasulira. Amayi, mukanaseka. Wina akupempha mchemwali wake singano ndi mapini. Wina akudandaula kuti sopo wake wa phulusa ndi mafuta sanagwire. Winanso ng'ombe yabereka, makandulo atha, mwana akutsokomola. Basitu! Nkhani za pamjigo zenizeni, kuno azitsekera m'galasi, nyale pamwamba, anthu a madigiri ali pamzere kudzaona mayi amene sopo anamukanika. Azimayiwo sindikuwanyoza, anavutika, wina anaika ana awiri chisanu chimodzi. Koma ndinafunsa kuti akapolo amene ankatunga madzi ndi kuchapa m'nyumba zinazo, makalata awo ali pati. Mayiyo anapendeketsa mutu, akuvula magolovesi, nati, "Funso labwino kwambiri." Kunotu akati funso labwino, dziwani kuti yankho palibe.

Tsono inafika nthawi yanu. Ine ndinkawerenga, Tadala n'kumamasulira, pakuti Chichewa amamva ngakhale amayankha m'Chingerezi. Ndinatulutsa ya chaka cha njala chija, n'kuyambira pomwe inu munkayambira: a Fesitoni akupereka moni, a Nachisale akupereka moni, a Nangozo akupereka moni, nyumba ndi nyumba mpaka kwa a Belita kuseri kwa chulu. Mayiyo anayang'ana wotchi. Koma titafika pamene munanena kuti mukusinja zitsa za nthochi kuti mupeze ufa, nkhope yake inawala ngati mwana waona mango akupsa. Anatambasula dzanja, lopanda golovesi, chala chili ndi mafuta a keke, n'kuika pa pepala lanu. Akuti malo m'galasimo ndi ochepa, ndiye alipinda pepalalo kuti pazioneka za nthochizo. Akuti zapamwambazo ndi mayina chabe.

Wa sopo uja anamuika yense, kuchokera pa moni mpaka pa dzina lake pansi. Kwa inu ankafunako njala yokha.

Mayina chabe! Ndinakumbuka mmene munkawadzudzulira azakhali cholembera chikathamanga: "Nachisale, usadumphe munthu, akaganiza kuti tamuika." Ife akutali tinkadziwa amoyo ndi moniwo. Chaka chimene chija ndinkatsegula emvulopu, chala chikutsika pa mayina kufunafuna amene wasowa. Kalata imeneyo sinkanena za nthochi ayi. Inkanena kuti tonse tilipo. Yotsatira yake munalibe a Nangozo, ndipo ndinalira ndili chiimire pakhomo ndisanafike n'komwe pamene munalembetsa za maliro.

Zimenezi sindinamufotokozere. Chizungu changa cha Sitandade 6 sichikanafikapo, komanso sindinaone chifukwa chopepesera munthu amene akufuna kukupindani pakati. Ndinachotsa chala chake pa pepala, pang'onopang'ono kuti lisang'ambike, ndinapukuta ndi mpango, n'kubwezera m'emvulopu. Anati, "Mwina muganizirenso." Ndinati ndaganiza kale.

M'basi Tadala anakhala mpando wina. Titatsika ndi pamene anatsegula pakamwa, m'Chingerezi chake chija. "Mami, mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Agogo akanakondwa kuti anthu awadziwe."

"Awadziwe kuti ndani? Mayi wodya zitsa?"

"Koma zinachitikadi!"

"Zinachitika. Anadyanso nkhuku pa ukwati wanga, bwanji imeneyo mayi uja sanaifune?"

Anamenyetsa chitseko. Mlungu wonse tinkangodutsana m'khitchini ngati anthu a lendi. Ndinada nkhawa, Amayi, sindinama. Ndinkati mwina ndamuwonongera sukulu mwanayu, mwina mayi uja amulepheretsa mayeso, mwina tsiku lina ine nditapita adzangotaya chitinicho kubini pamodzi ndi manyuzipepala. Kuntchito ndinamuveka gogo wina juzi chadodolido, ine amene sindilakwitsa batani.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, ndikusita mayunifolomu, anabwera n'kuima pakhomo. Sanapepese, mdzukulu wanu ameneyu ndi wouma khosi ngati mwini dzina la khanda lija. Anangoti, m'Chichewa chopindikapindika, "Mami, a Nangozo ndi ndani?"

Ndinazimitsa simbi. Ndinamutuma akasambe m'manja ndi sopo, ndipo ndinamuyang'ana zala ndisanatsegule chitini.

Tayamba ndi kalata yoyamba. Ndamuuza kuti sitifika pa nkhani iliyonse asanathe kutchula mayina onse bwinobwino ndi kundiuza nyumba ya aliyense. Zikumuvuta, lilime ndi lolemera, koma ndikukulonjezani kuti sindimusiya, ndipo pepala lanu palibe adzalipinde pomwe simunapinde inu.

A Fesitoni akupereka moni. Alamu akupereka moni, ndi kakhanda kaja. A Nachisale akupereka moni, maso okha ndiwo afooka. A Belita akupereka moni. Tadala akupereka moni, wanena yekha ndi pakamwa pake. Kumeneko mundiperekere moni kwa abambo ndi kwa a Nangozo.

Sindinadumphe munthu, Amayi.

Ine mwana wanu wokukondani,
Esinati